Bwato Linakhotera Tsidya Lina

Elanjikkara, 9 Julayi 1995

Achimwene a Sugathan,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino ku Muscat kwanuko, pakuti mukanadwala mukanatikumbuka n'kutilembera. Kuno mvula sikukata, madzi akwera mpaka pamasitepe a khonde. Amayi ali bwino kupatula mawondo awo aja. Inenso ndili bwino, ngati mumafuna kudziwa.

Bambo sali bwino. Matenda aja abweranso, ndipo ulendo uno atenga mbali yonse ya kumanja ndi theka la pakamwa. Adokotala anati tiwatengere kunyumba. Musandifunse tanthauzo lake, sindinu mwana. Ndikumawamwetsa phala la mpunga ndi supuni, lambiri limangotsikira m'khosi mwa malaya. Dzanja lija linkagwira nkhafi yaikulu yowongolera bwato la mudzi ife tisanabadwe, lero likulephera kuingitsa ntchentche pamphuno.

Boti lonyamula anthu likaima padoko lathu Bambo amatembenuza maso n'kundifunsa kuti, "Wafika?" Ndimawauza kuti ndi mayi wogulitsa nsomba. Dzulo anatsika mayi yemweyo, ndipo ndinamukalipira popanda chifukwa.

Ndikudziwa kuti tchuthi chanu munachisungira chikondwerero cha Onam ndi mpikisano wa mabwato. Chisuntheni. Musatitumizire mafuta opaka, musatitumizire wailesi ina, ija ya chaka chatha nkhuku ikuikiramo mazira m'bokosi lake. Bwerani inuyo, ndi miyendo yanu, tsopano lino.

Mlongo wanu,
Ambili

Muscat, 25 Julayi 1995

Ambili mlongo wanga,

Moni kwa iwe, kwa Amayi ndi kwa Bambo. Kalata yako ndailandira, ndipo ndaona kuti lilime lako likadali lakuthwa ngati chikwakwa chodulira mpunga. Ndiye ukudabwa kuti mabanja a anyamata akabwera kudzakuona amangomwa tiyi n'kumapita?

Tamvera. Bwana wanga kuno si malume athu. Tchuthi amapereka kamodzi pachaka ndipo tsiku analemba kale. Ndikapita lero ndiye kuti pa mpikisano sindidzakhalapo. A Kurup, apampando a komiti ya bwato, andilembera kuti a banja la Panicker ayambanso kunong'ona zoti nkhafi ya kumbuyo yowongolera bwato isamakhale ya nyumba imodzi. Ndikangophonya chaka chimodzi, basi yapita. Agogo anaigwira, Bambo anaigwira, anandipatsa ine m'manja anthu akuona. Ukufuna ndikawauze Bambo pamphasa pawopo kuti ndaitaya?

Ndikatsika ndege ndidzapita kushedi ya bwato, n'kumagona komweko ndi opalasa anzanga mpaka tsikulo. Mwambo ukuudziwa. Bwato lija ndi la kachisi, wokweramo ayenera kukhala woyera, ndipo pakhomo pakagwa maliro amuna onse a mtunduwo amadetsedwa, sakwera. Koma kudetsedwako kumayamba munthu akamva. Tsono kufikira mpikisano utatha usanditumizire uthenga uliwonse, wabwino kaya woipa. Sindikunena kuti chinachake chichitika ayi. Bambo ndi olimba, anadutsa m'madzi osefukira ambiri. Ndikungoti tichite zinthu mwanzeru.

Tikangotsika m'bwato ndidzathamangira kunyumba ndi nsalu yonyowa yomweyo. Uwauze choncho. Uwapakenso mafuta ndatumizawa, akuti amathandiza mitsempha.

Ine mchimwene wako,
Sugathan

Kunyumba, 6 Sepitembala 1995

Achimwene, kushedi ya bwato,

Moni wanga ndi wachidule. Mwakhala tsidya linalo sabata yonse. Ndikaima pakhonde ndimakuonani mukusamba, ndimamva ndi kuseka kwanu komwe.

Bambo asiya kumeza. Madzi ndikungowadonthezera ndi kansalu. Akadali moyo, ndiye palibe chokudetsani. Wolokani, muwagwire dzanja, kenako mubwerere kwa mkazi wanu wamatabwayo. A Kuttappan, owolotsa anthu aja, akudikirani ndi kabwato kawo padoko.

Ambili

Muscat, 1 Okutobala 1995

Ambili,

Moni kwa Amayi. Kwa iwe sindikudziwa ngati moni wanga ukuufuna. Masiku onse amene ndinakhala pakhomo sunandiyankhule ngakhale liwu limodzi. Mpunga unkangouika patsogolo panga ngati ukupatsa galu wa anansi. Tsiku lobwerera unabisala kukhitchini. Ndiye poti pakamwa unatseka, ndikulembera.

Unanditenthera mtembo wa Bambo ine kulibe. Ine mwana wawo wamwamuna mmodzi yekha, ndili pamtsinje pomwepo. Zimene unayenera kuchita n'kudikira dzuwa lipendeke, basi. Ndinatsika m'bwato anthu atandinyamula pamapewa, chikho chili m'manja, ndikuti ndikachiike pachifuwa pa Bambo, n'kupeza makala. Ukudziwa mmene munthu amamvera? Moto umene ndinabadwira kuti ndidzayatse, unayatsa ndi iwe, mkazi, mudzi wonse ukuona. Ngakhale kuno anzanga a kwathu amva. Wina anandifunsa pa chakudya kuti, "Kodi kwanu mwamuna ndi uti?"

Ine sindinadziwe kanthu. Palibe anandiuza. Ndinakwera bwato ndili woyera ndipo Mulungu akudziwa.

Chatsala chimodzi. Phulusa lija lili mumtsuko pansi pa mtengo usalikhudze. Ndi ine woyenera kukalithira m'madzi. Ndidzabwera chaka chamawa nthawi yomweyi, ndipo mpikisano ukadzangotha ndidzachita mwambo wonse monga mwana. Chimenechi chokha usandilande.

Sugathan

Elanjikkara, 17 Okutobala 1995

Achimwene,

Moni ndikukupatsani chifukwa Amayi anandilera bwino. Muli bwanji? Chikho chija mukuchipukuta?

Mu envelopu muno ndaikamo kakalata kena kotseka. Ndi kaja ndinakutumizirani kushedi. A Kuttappan anabwera nako akuyang'ana pansi, akuti, "Mwana wanga, akuti akawerenga zonse zikatha." Zatha tsopano. Katseguleni.

Mukuti ndikanadikira. Khalani pansi ndikuuzeni mmene ndinadikirira.

Bambo anatisiya Lachinayi m'mawa, ndikuwapukuta kumaso. Dzuwa lisanakwere a Kurup anafika, n'kuima kumpanda, ambulera ili m'khwapa. Pabwalo sanaponde.

"Mwana wanga, pepa," anatero. "Koma musalire mokweza, mawu amayenda pamadzi. Tawasungani mpaka mawa madzulo. Titumiza ayezi wa kumsika wa nsomba."

Ndinati, "Bambo anga si nsomba."

"Iwe, ukuyankhula ndi wamkulu."

"Ndiye wamkuluyo alowe adzaone mnzake amene ankapalasa naye."

Sanalowe. Koma Amayi anandigwira mkono n'kundichonderera, ndipo ndinavomera. Mwamva? Ndinavomera. Amayi analira ataluma nsonga ya nsalu yawo kuti inu musamve. Ayezi anabwera ali ndi mamba a nsomba, atakulungidwa m'ziguduli. Pofika Lachisanu m'mawa anali atasungunuka, madzi akuyenda pansi mpaka kukhitchini. Kunatentha tsiku limenelo, inunso mukudziwa, paja ankakuthirani madzi pamutu. Sindikuuzani mmene nkhope ya Bambo inalili pofika masana. Imeneyo ndi yanga, ndiisunga ndekha. Ndingoti lubani analephera, ndipo azimayi anayamba kutuluka mmodzimmodzi atagwira pamphuno.

Ndinatuma kwa ana a Bambo aang'ono kuti mmodzi adzayatse m'malo mwanu. Onse anali m'bwato, onse makutu atatseka ngati inu. Mtengo wa mango wa kumwera kwa nyumba, woti tipeze nkhuni zotenthera mtembo, anatidulira a Ouseph, Mkhristu, ndi nkhwangwa yawo, thukuta lili kamukamu. Mkulu wotsogolera mwambo atayala nkhuni anayang'ana uku ndi uku.

"Woyatsa ndani?"

"Ine."

"Mkazi sayatsa."

"Ndiye ndipezereni mwamuna wa mtundu uno amene makutu ake akugwira ntchito lero."

Anayang'ana Amayi, anayang'ana ntchentche, n'kundipatsa muuni.

Moto utangogwira, ng'oma zinamveka kumtunda. Achimwene, ndinaona anthu olira akusanduka oonera. Anayamba amuna, ngati akupita kukataya madzi. Kenako azimayi, akusuntha pang'onopang'ono cha kugombe, misozi isanaume. Mkulu wa mwambo uja mapemphero anali pakamwa koma khosi litatalika ngati la kakowa. Sindikuwaimba mlandu kwambiri. Ndi maliro angati amene ali ndi malo abwino oonera ngati athu?

Nanenso ndinaonera. Mtembo supsa msanga, ndipo pamene ndinaimapo mtsinje umaoneka wonse. Mabwato anabwera mondondozana monga amachitira mpikisano usanayambe, akuda, aatali, onyezimira mafuta, maambulera a silika akugwedezeka, nkhafi zikulowa m'madzi ngati dzanja limodzi. Lathu linali lokongola kuposa onse, ndisaname. Ndipo pamwamba kumbuyo kwake, pamchira wotukuka paja, panali inu, nsalu yoyera m'chiuno, kansalu kumutu, chifuwa patsogolo.

Tsopano ndiyankheni ichi. Bambo chisiyireni nkhafi, chaka chilichonse bwato lathu limadutsa moyandikira doko la kwathu, kuyandikira koti munthu n'kulavulira mkati, ndipo inu mumakweza dzanja kuwapatsa ulemu ali pampando pakhonde. Chaka chino litangofika pakona pa kokonati wopendekeka paja, pamene utsi unayamba kuoneka, bwato linakhotera tsidya lina. Linadutsa mokhula udzu wa gombe la uko. Oimba anakweza nyimbo mpaka mitsempha kutuluka m'khosi, ndipo amuna onse aja nkhope zinaloza kumodzi, kumene kunalibe utsi.

Amakhotetsa bwato ndani, Achimwene? Oimba? Ng'oma? Nkhafi yowongolera inali m'manja mwa yani?

Musandiuzenso kuti simunadziwe. Munthu wosadziwa akanabwera kudzakweza dzanja.

Munapambana, ndinaona. Munalidutsa bwato la mudzi wa kumtunda cha kumapeto, ndipo azakhali a Bhavani anaiwala n'kuwomba m'manja ataima pafupi ndi mapazi a mlongo wawo akupsa. Atazindikira anayamba kudziguguda pachifuwa ndi manja omwewo.

Mukuganiza kuti ndinasankha nthawi imeneyo dala. Anasankha ndi dzuwa ndi ntchentche. Koma mphepo itatembenukira kumtsinje sindinadandaule.

Phulusa lili pomwepo, ndimayatsapo nyali madzulo aliwonse. Mukuti mudzabwera nthawi ya mpikisano, ndipo mudzawaona Bambo mukadzatsika m'bwato. Mawu omwewo munalemba mu Julayi. Ngakhale phulusa lawo likhale pamzere kudikira matabwa?

Ambili

Elanjikkara, 5 Novembala 1995

Mwana wanga Sugathan,

Moni mwanawe. Ukudya bwino? Pachithunzi chija unatumiza masaya alowa. Usamangodya buledi. Ine ndili bwino, mawondo okha. Ng'ombe yabereka, kamwana kakakazi.

Ndikulemba ndekha, Ambili sakudziwa, ndiye ukhululuke zilembo zokhota. Ndinaona nkhope yake pamene ankakulembera ndipo ndadziwa kuti sanalembe zabwino. Ndikufuna udziwe chinthu chimodzi kuti uzigona tulo. Sabata yomaliza ija bambo ako anandikoka ndi dzanja lamanzere n'kundiuza movutikira kuti, "Asamuitane. Agwire nkhafi." Anatero ndithu. Ndiye usadzizunze.

Koma usamukalipirenso mlongo wako. Iwe sunaone zimene anaona. Miyezi yonse ija ankawatembenuza yekha, kuwasambitsa yekha, kuchapa nsalu zimene ine sindinkatha kuziyang'ana. Chikhatho chake chinapsa pogwira muuni ndipo sanauze munthu, ndinangoona akukanda kokonati ndi dzanja limodzi. Banja lija la ku Thiruvalla limene linamukonda latumiza mawu kuti silibweranso. Akuti mtsikana woyatsa moto wa maliro sangalowe m'khitchini mwawo. Iye anangoseka, koma ine ndinamubala, kuseka kwake ndimakudziwa.

Ndatsala ndi ana awiri, ndipo sayankhulana. Mulembere mawu ofewa. Ukhoza kungoti pepa, sizichotsa mano.

Amayi ako

Elanjikkara, 23 Juni 1996

Achimwene,

Moni. Muli bwanji? Ife tili bwino. Mvula yayambanso, denga la kukhitchini likudontha pomwe paja.

Makalata anu ndinkalandira, kuyankha kokha ndiye ayi. Ndinkafunafuna liwu limodzi m'menemo. Ndinapeza za kutentha kwa ku Muscat, za bwana wanu, za mtengo wa golide, ndi zakuti Amayi anakuuzani mawu a Bambo ndiye nkhani yatha. Inde anatero, ndinali pomwepo nditanyamula beseni. Anatero Lolemba, ali ndi mphamvu zokhala mwamuna wa pamudzi. Pofika Lachitatu za nkhafi anali ataziiwala. Chitseko chikangolira, diso lawo lamoyo lija linkathamangira komweko. Amayi zimenezo sanakulembereni chifukwa amakukondani. Ine ndakulemberani.

M'kalata yanu yomaliza mukuti tikiti mwagula, mudzatsika ndege n'kulunjika kushedi monga mwa masiku onse, ndipo tisakutumizireni uthenga uliwonse. Ndinaiwerenga nditakhala moyang'anana ndi Amayi, akusisita mawondo awo otupa, akupuma movutikira chifukwa chongochokera kukhola. Ndinadzifunsa kuti chaka chino ayezi adzakhala wa yani.

Ndiye Lamulungu lapitali ndinapita kumsonkhano wa mudzi wosankha okwera bwato. Inde, pabwalo la kachisi, pamene akazi amangobweretsa tiyi. Ndinabweretsa tiyi. Nditaika ketulo pansi sindinachoke.

A Kurup anati, "Zikomo mwana wanga, ungathe kupita."

Ndinati, "Ndili ndi uthenga."

"Ukapereke kwa amayi ako, adzatiuza."

"Ayi, uwu ndi woti mumve ndi makutu anu, pamaso pa ansembe. Paja kuno chinthu chimayamba munthu akamva."

Wina kumbuyo anati, "Mutulutseni uyo!" Wina anati, "Akufuna mwamuna ameneyu, ndiye vuto lake." Ndinamuyankha kuti ndikadzafuna mwamuna sindidzamufunafuna pabwalo limenelo. Kenako ndinanena. Ndinati chaka chatha wowongolera bwato anaona utsi wa maliro a bambo ake mpikisano usanayambe, anadziwa, ndipo anakhotetsa bwato ndi manja ake kuti asauyang'ane. Ndinati anaima pabwato la kachisi ali wodetsedwa, iye ndi abale ake onse, ndipo aliyense wokhala pamenepo akudziwa chifukwa anali momwemo kapena pagombe.

Achimwene, mukanaona amuna akuluakulu akuyang'ana zala za kumapazi. Ansembe anafunsa a Kurup kuti, "Ndi zoona?" A Kurup anayamba kutsegula ndi kutseka ambulera. Anayankha ndi mkulu wa a Panicker, mwaulemu kwambiri, nkhope ili yachisoni ngati wataya ng'ombe: "Ife tinaona, koma sitinafune kuvutitsa nyumba ya maliro." Njoka ya munthu. Ndikudziwa kuti ndamupatsa chimene wakhala akuchilota. Sindinachitire iye.

Agamula kuti bwato lisambitsidwe ndi mwambo lisanalowe m'madzi, ndipo nkhafi ya kumbuyo yachoka m'nyumba yathu. A Kurup akulemberani, koma ndafuna mumve kwa ine poyamba, kuti musavutike kufunsa kuti wachita ndani.

Musaganize kuti ndikuvina. Ndinakulira pansi pa nkhafi imeneyo inenso. Ndinkaipaka mafuta ndili kamtsikana, ngakhale sankandilola kuponda m'bwato. Pobwerera ndinalira njira yonse, ndipo ana a Bambo aang'ono analavula nditadutsa. Kugolosale akumandipatsa katundu osandiyang'ana. Amayi sanandiyankhule kuyambira tsikulo. Akumangondiikira mpunga patsogolo, ndipo ndaona mmene zimawawira. Zimawawa. Sindikubweza mawu.

Mukhoza kunditukwana, adiresi mukuidziwa. Mukhoza kung'amba tikiti, imeneyo ndi yanu. Koma mukabwera, kushedi kulibe mphasa yanu, ndipo palibe chifukwa chotsekera makutu. Phulusa la Bambo lili pansi pa mtengo, Amayi ali pakhonde, akadali ndi moyo lero. Mukatsike padoko lathu.

Mlongo wanu,
Ambili